Ankati Ndinamusempha Mwana Wanga

1

Dzina langa ndine Lines. Ndimagulitsa zinanazi ndi mapeyala pamsika wa Nkando. Mukadzafika pamenepo mudzafunse mayi uja ankati anasempha mwana wake, aliyense adzakulozerani, chifukwa anthu a pamsika amatha kuiwala dzina lako koma manyazi ako amawasunga bwino. Nkhaniyi ena anaifotokoza kale ndi pakamwa pawo ponunkha. Lero ndati ndiifotokoze mwini wakene.

Amuna anga anali a Bonface. Anabwera kudzakhala kwathu monga mkamwini, mwa mwambo wathu kuno. Ntchito yawo inali yocheka matabwa ku Chambe, ndipo ankatha miyezi ali kuphiriko, n'kutsika ndi utuchi m'tsitsi ndi njala ya anthu atatu. Sanali munthu wankhanza ayi. Vuto lawo linali loti mutu anaubwereketsa kwa mchemwali wawo. Ukawafunsa ngati mvula ibwere, ankayamba aganiza kaye kuti achemwali anganene chiyani.

Achemwaliwo ndi a Doris, alamu anga. Ali ndi shopu ya zitenje ndi nsapato pa Boma, kutchalitchi amakhala mpando wakutsogolo, ndipo amayenda ngati msewu wa ku Blantyre anaupaka phula ndi iwo. Pakhosi sipankachoka kampango, kaya kuzizire kaya dzuwa liswe mtengo, ati ndiye kutchena kwa m'tauni. Pakapita miyezi ingapo ankakwera minibasi kukaoda katundu ku Limbe, n'kubwerako ndi nkhani zambiri kuposa katundu. Ine ankanditchula kuti "mlamu wanga wapamsika", mawu ake otuluka ngati akulavula nthanga.

Mwana tinali naye mmodzi, Pemphero. Anali folomu 4, wanzeru, wonenepa bwino, woseka mpaka misozi. Ndinalibe china padziko lino choposa iyeyo.

2

Matenda anayamba mozemba. Pemphero ankadya ngati wachokera kumunda, koma yunifolomu inayamba kumukhwepa. Mwezi wa Juni, anthu tikufunda mabulangete awiri, iye thukuta kamukamu. Akanyamula kapu ya tiyi, theka linkathera pansi chifukwa cha kunjenjemera kwa manja. Mwana wofatsa uja anayamba kupsa mtima ndi nkhuku yomwe. Kenako maso anayamba kutuluka ngati munthu wodzidzimuka, ndipo pakhosi panatupa.

Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anamuyeza malungo, palibe. Kachilombo, palibe. Mimba, palibe. Anati zikapitirira tipite kuchipatala chachikulu. Ndinatumiza uthenga kuphiri kuti bambo ake atsike, tipite limodzi. Kulakwa kunayambira pamenepo, chifukwa a Bonface sanabwere okha.

A Doris analowa m'nyumba mwanga akuyang'ana kudenga ngati ligwa. Anaitana Pemphero, n'kumukhazika pampando. Anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Kenako anaika zala ziwiri pakhosi pake.

"Tameza malovu," anatero.

Mwana anameza. Chotupa chija chinakwera n'kutsika.

"Tatambasula manja."

Manja aja anali kunjenjemera ngati masamba a nthochi. Ndinaona nkhope ya alamu ikusintha, ndipo mu uchitsiru wanga ndinati ndi chisoni cha azakhali. Anayang'ana mlongo wawo, a Bonface n'kuyang'ana pansi.

"Za chipatala apa palibe," anatero a Doris. "Ili ndi tsempho. Alamu, achimwene ali kuphiri, inu mumagona ndi ndani?"

Kwa amene simukudziwa, tsempho ndi matenda amene makolo amati amagwira mwana ngati kholo lake lachita chigololo kenako n'kuthira mchere m'ndiwo za pakhomo. Mwana amatupa, amaonda, mwina kufa kumene. Ndiye kuti alamu anga, pamaso pa mwana wanga, anali atanditchula kuti hule lopha mwana.

"Abambo a Pemphero," ndinatero, "mukumva zimene akunenazi?"

"Achemwali ndi aakulu," anayankha. "Aona zambiri."

3

Ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa mango kwa amalume anga. Mboni zinapezeka, poti bodza silisowa ophika. Pali bambo wina, a Juma, amene amapikula zinanazi kwa ife kukagulitsa ku Blantyre. Wina anati anationa tikuseka. Wina anati a Juma amayambira pa ine asanapite kwa amayi ena. Inde amayambira pa ine, zinanazi zanga n'zotsekemera, koma mawu amenewonso anawatembenuza, bwalo lonse n'kufa ndi phwete.

Ndinalumbira, ndinalira, ndinati bweretsani Baibulo. A Doris anangokhala phee, manja pamiyendo, ngati chithunzi cha pakalendala ya mpingo.

"Ine sindifuna kuthetsa banja la munthu," anatero mwaulemu wa njoka. "Ndingopempha kuti mwanayu ndimutenge, akakhale kwathu pa Boma. Ndikudziwa agogo ena amene amachiza tsempho. Koma asadyenso chophika mayi akewa."

Kuno mwana ndi wa kuchikazi, azakhali alibe mphamvu pa iye. Amalume akanatha kukana. Koma anaona galimoto imene alamu anabwera nayo, anaona mwana mmene anaonderamo, n'kuchita mantha kuti akafera m'manja mwathu mlandu udzakhala wawo. Anavomera.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandithyola msana n'chakuti Pemphero anakhulupirira. Pomulongedzera zovala ndinafuna kumukonza kolala ya bulauzi, iye n'kubwerera m'mbuyo.

"Mayi, musandikhudze."

"Pemphero, ndine mayi ako."

"Ndikafa mudzasangalale ndi a Juma anuwo."

A Bonface anabwerera kuphiri tsiku lomwelo, osatsanzika. Ine ndinatsala m'nyumba ndekha, ndikapita kumsika amayi anzanga n'kumasuntha madengu awo. Ndinapitako kangapo kushopu kwa alamu kuti ndione mwana, ankandibweza pakhonde. Ndinkamva kuti akumumwetsa mizu, kuti kusukulu anasiya kupita chifukwa cholembera sichigwirika m'manja. Mayeso a folomu 4 anadutsa iye ali chigonere.

4

Mwezi wa Okotobala kunamveka kuti Marjory, mwana wamkazi wa a Doris, akuchita chinkhoswe. Mnyamata wake anali wa ku Blantyre, wa banja lodziwika, bambo ake mkulu wa mpingo. Alamu anali atakonzekera tsikuli chiyambire chaka, ndipo Boma yonse inkadziwa mtundu wa nsalu, dzina la wojambula, ngakhale kukula kwa keke.

Ine sanandiitane. Ndinapita ndithu, n'kukaima kunja kwa mpanda pamodzi ndi ana ndi a kabaza, kuti mwina ndingaone nkhope ya mwana wanga.

Mukudziwa zimene zimachitika pachinkhoswe. Amatulutsa atsikana angapo atawaphimba ndi zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna alozepo mkazi wawo. Ndinaona atsikana atatu akutuluka movina pang'onopang'ono. Wachiwiriyo miyendo yake inali ngati mapesi. Ndinaidziwa miyendo imeneyo. Alamu anga anasowa pomubisa mwana wodwala pa tsiku la alendo, ndiye anaganiza zomubisa poyera, pansi pa nsalu ziwiri, dzuwa lili paliwombo. Mwana woti ngakhale mu Juni ankachita thukuta.

Akuchimuna anachedwa dala, monga amachitira, kuzungulira, kuseka, woulutsa mawu akukometsera. Kenako nsalu yachiwiri ija inagwedera n'kugwa pansi, khu.

Alamu anakodola oimba, nyimbo n'kukwera. Ndinamva mawu a alamu, otsika koma akuthwa.

"Mutengereni kuseri, mumuthire madzi. Asatisokonezere mwambo."

Mpanda uja sindikudziwa kuti ndinaudutsa bwanji. Ndinakankha amayi awiri a nsalu zofanana, ndinavundukula chitenje. Pemphero anali atayera milomo, mtima ukugunda moonekera pabulauzi, thupi lotentha ngati mbaula.

"Alamu, mwaitanidwa ndi ndani?" anatero a Doris. "Musamukhudze, mumumaliza!"

"Mukandigwira ndikuvulani pamaso pa apongozi anuwa," ndinatero. Ndipo ndikanachitadi.

Ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje chawo chomwecho. Mtsikana wamkulu, koma anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Mnyamata wa njinga yamoto anatithamangitsira kuchipatala.

5

Anamugoneka, anamuika madzi, anamupatsa mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa mtima. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wosachedwa ndi nkhani. Atamuyeza anandiitanira pambali.

"Mayi, mwanayu munali naye kuti nthawi yonseyi? Mukanachedwa pang'ono mtima ukanaima."

Ndinafotokoza za tsempho, ndikuyang'ana pansi. Sanaseke.

"Ichi ndi chithokomiro," anatero. "Pakhosipa aliyense ali ndi kachiwalo kamene kamalamula liwiro la thupi. Chithokomiro china chimatupa chifukwa chosowa ayodini mumchere, koma cha mwana wanuyu sindikuganiza kuti n'chimenecho. Apa asilikali a m'thupi mwake, amene amayenera kulimbana ndi matenda, asokonezeka n'kuyamba kutokosa kachiwalo kameneka, ndiye kakugwira ntchito mopyola muyezo. N'chifukwa chake akudya koma akuonda. Si ufiti, si chigololo cha munthu, ndipo sichipatsirana. Mankhwala alipo. Tsono ndifunse, kumtundu kwanu alipo amene anadwalapo zoterezi?"

Ndinawerenga. Mayi anga, agogo anga, achemwali anga, ana awo, amalume, mbumba yonse mpaka amene anatsala ku Mozambiki.

"Palibe ndi mmodzi yemwe."

"Nanga kwa bambo ake?"

"Amenewo si mtundu wake," ndinatero. "Mwana ndi wathu, wa kuchikazi. Bambo ndi tambala chabe."

Apa ndiye anamwetulira.

"Munda ndi umene umatsata kuchikazi, mayi. Magazi sadziwa za chikamwini. Mwana amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo. Matendawa sikuti kholo likakhala nawo ndiye kuti mwana adwala basi, ayi. Chimene anthu amatengera ndi kufooka kwake, tizinthu ting'onoting'ono tosiyana m'magazi timene timapangitsa ena kugwidwa msanga kuposa anzawo, makamaka akazi. Ena amakhala nato moyo wonse osadwala. Koma kudziwa kumathandiza kuti wina akayamba, tisamachedwe. Mukafunse."

Ndinaganiza za apongozi anga aakazi, amene anamwalira ine ndisanakwatiwe. Ankati unali mtima. Sindinafunsepo zambiri, poti maliro a eni ake.

Pemphero atatsitsimuka anandipeza ndili pambali pa bedi. Sanandithamangitse, koma sanandiyang'anenso. Dokotala anamufotokozera zonse, iye n'kungoti, "Azakhali anati achipatala tsempho salidziwa." Mwana anali wanga, ali m'manja mwanga, koma mtima wake unali udakali kushopu ya zitenje.

6

Pemphero atapezako mphamvu, achipatala anatitumiza ku Blantyre kuti akamuyeze magazi bwinobwino, kwa madokotala amene amaona za chithokomiro pa tsiku lawolawo. Tinakwera minibasi mmamawa, mwana atakhala kuwindo, nkhope atatembenuzira kuminda ya tiyi.

Pakhonde la chipatalacho panali mabenchi odzaza, ambiri amayi. Ena makosi otupa, ena maso otuluka ngati a Pemphero, ena osaoneka chilichonse. Tinakhala kumapeto. Namwino wachikulire anatuluka n'kuyamba kupereka moni kwa odwala ake akale, kenako anakweza mawu mwachimwemwe.

"Eee, amayi a ku Mulanje! Mwabwera? Ulendo wathawu munajomba, ndinati kaya mapiritsi akutheranitu. Bwanji chinkhoswe cha mwana chinayenda?"

Ndinatembenuka kuti ndione mnzathu wa kwathuyo.

Anali a Doris. Kampango kali m'manja, poti kwa dokotala sungalowe utabisa khosi. Ndipo pakhosipo, m'munsi, panali chipsera chopingasa, chakale, chosokedwa bwino.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Doris anayang'ana uku ndi uku. Anafuna kumanga kampango kaja, koma ndinali nditaona kale.

"Alamu," ndinatero, "katundu wa ku Limbe mumaodera pano?"

"Alamu, tiyeni panja, tikambirane ngati anthu."

"Ngati anthu? Anthu ake ati?"

Anandikokera pakona, mayi wa mpando wakutsogolo uja, n'kugwada pa simenti ya chipatala. Zonse zinatuluka. Anadwala ali mtsikana, monga anadwalira mayi awo. Mayi awo anafa nazo, iwo anachitidwa opaleshoni, ndipo chiyambire amamwa piritsi mmawa uliwonse. A Bonface ankadziwa, ndi amene anawadikirira m'chipatala nthawi imeneyo. Tsiku lija anauza Pemphero kuti ameze malovu, anazindikira pompo.

"Ndiye munati tsempho chifukwa chiyani?"

"Marjory," anatero akulira. "Banja lija ndi lonyada. Akanamva kuti kwathu kuli matenda akumtundu akanamusiya. Ndinati ukwati ukangodutsa, Pemphero ndibwera naye kuno ndekha. Ndimangofuna miyezi yochepa, alamu. Chonde, ukwati ndi Disembala. Musanene."

Miyezi yochepa. Ankaiyeza pa mtima wa mwana wanga ngati akuyeza nsalu.

Sindinadziwe kuti Pemphero anatitsatira. Anaima kumbuyo kwanga, atagwira khoma.

"Azakhali," anatero, "mmawa uliwonse munkandipatsa mizu yowawa ija, inu n'kulowa kuchipinda kukamwa mapiritsi?"

Alamu anaweramitsa mutu.

"Ndipo munkandiuza kuti ndizipempherera mayi anga kuti alape."

Pemphero anatembenukira kwa ine. Anangogwira mkono wanga ndi manja ake awiri onjenjemera aja, n'kubisa nkhope paphewa langa. Namwino anaitana dzina lake, tinalowa limodzi, alamu tinawasiya chigwadire.

7

Mwina mukuyembekeza kuti ndinakaima pakati pa msika wa Nkando n'kulengeza. Ndinafuna, Mulungu ndi mboni. Koma Marjory sanandilakwire, ndiponso magazi amenewo ali mwa iyenso. Ndinamuitana kwathu, ndinamukhazika pansi, ndinamuuza zonse pamaso pa Pemphero, kuti tsiku lina manja akadzayamba kunjenjemera asadzamwetsedwe mizu.

Mtsikana uja analira, kenako anatenga foni n'kuimbira mnyamata wake pomwepo, ife tikumva. Anafotokoza mpaka kumapeto, akudikira kuti dziko ligwe.

"Ndiye iweyo ukudwala?" anafunsa mnyamatayo.

"Ayi."

"Ukadzadwala mankhwala alipo?"

"Akuti alipo."

"Nanga vuto lili pati? Bambo anga ali ndi shuga, iwe unandikana? Koma mayi akowo andiopsa."

Basi. Chinsinsi chimene alamu anatsala pang'ono kuphera mwana wanga, akuchimuna sanachiwerengere n'komwe. Ukwati unachitika mu Disembala, anthu anavina, keke inadyedwa. Marjory ndi amene anakauza ankhoswe zoona zake, ndipo amalume anabwera kudzandipepesa atanyamula nkhuku. Nkhukuyo ndinalandira, inalibe mlandu.

A Bonface anatsika kuphiri atamva kuti zaululika. Anafika madzulo dzuwa lisanalowe, chipewa m'manja.

"Amayi a Pemphero, ndinalakwa. Achemwali ndi amene anati..."

"Ndikudziwa amene anati. Inu munati chiyani?"

Anakanda m'mutu. Anayang'ana kumsewu, mwina kuti achemwali atulukira awathandize yankho. Ndinawatulutsira chikwama chawo ndi macheka awo. Nyumba ndi ya pamalo pa mayi anga, ndipo mkamwini amene amadziwa chimene chikupha mwana wake n'kukhala chete kuti asakhumudwitse mchemwali, kwawo kukumuyenera.

Pemphero akumwa mankhwala, thupi labwerera, chaka chino alemba mayeso aja. Maso okha sanabwerere bwinobwino, ndipo madokotala akuti mwina adzakhala choncho. Akamadziyang'ana pagalasi amachedwapo kwambiri, ine n'kumanamizira kusesa.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga a kuno kumene mwana timati ndi wathu tokha: dokotala akakufunsani za kumtundu, muziwerenga mbali zonse ziwiri, ndipo akuchimuna muziwafunsa mowayang'ana m'maso. Matenda otengera si mlandu, palibe amene anasankha magazi ake. Ine sindinyoza a Doris chifukwa cha chipsera chawo. Chipsera chimenecho chikanakhala mankhwala a mwana wanga akanangochionetsa tsiku loyamba. Ndimawanyoza chifukwa pa anthu onse a m'boma la Mulanje, iwo okha ndi amene ankadziwa mmene mtima umawawira ukamathamanga chotero, ndipo anamuphimba mwanayo nsalu ziwiri n'kuuza oimba kuti akweze nyimbo.